Ma vector akukuzunguzani? Nayi njira yowaphatikizira, mpaka kupeza velocity ndi acceleration

Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene ndimawaphunzitsa part time kuno ku Ndirande amagwera m'dzenje limodzi lomweli chaka ndi chaka. Ndikawafunsa kuti munthu wayenda mamita 300 kulowera kummawa, kenako wakhota nkuyenda mamita 400 kulowera kumpoto, watalikirana bwanji ndi pomwe anayambira, manja amakwera msangamsanga, onse amati 700. Ndiye ndimati chabwino, munthu uja waiwala foni pomwe anayambira paja ndipo akufuna adutse chachidule kukaitenga, ayendanso 700 yomweyo? Apa m'kalasi mumangoti zii. Yankho ndi 500.

Vector ndi muyezo woti kunena kukula kwake kokha sikukwanira, mpaka unenenso komwe walowera. Makilo 50 a chimanga ndi makilo 50 basi, alibe kumpoto kapena kummwera, ameneyo ndi scalar, chimodzimodzi nthawi, distance ndi speed. Koma displacement, velocity, acceleration ndi force zonsezi zili ndi kolowera, ndiye siziphatikizidwa ngati ndalama za mandasi. Lamulo langa ndi limodzi ndipo mulimva mobwerezabwereza pansipa: jambulani kaye, calculator pambuyo.

Zoti mukhale nazo pa tebulo

- Pensulo yosongoka bwino ndi chofufutira. Pensulo yobuntha imalemba mzere wonenepa ngati chingwe cha ng'ombe, ngodya yanu iphonya ndi madigiri awiri atatu.
- Rula ya masentimita 30 yoti manambala ake akuoneka.
- Protractor, ija yooneka ngati theka la mwezi imene imakhala mu mathematical set. Ma seti amenewa ali mbwee mu Limbe, ingoonetsetsani kuti timizere take sitinafufutike.
- Pepala la graph, likasowa kope la masamu la timabokosi limagwira ntchito.
- Calculator yokhala ndi sin, cos ndi tan. Ya pa foni ithandiza kunyumba koma zolowerani yeniyeni, pa mayeso a MSCE foni simulowa nayo.

Musanayambe china chilichonse dinani sin 30 pa calculator yanuyo. Ikakupatsani 0.5 ili bwino. Ikakupatsani −0.988 ndiye kuti ili pa RAD, ikuyeza ngodya ndi muyezo wina wotchedwa ma radian, ibwezeni pa DEG ya madigiri pompo.

Kuphatikiza ma vector pojambula

Titenge funso lomwe lija, mamita 300 kummawa, mamita 400 kumpoto.

1. Pakona ya pepala jambulani kamtanda kosonyeza mbali, kumpoto mmwamba, kummwera pansi, kummawa kudzanja lamanja, kumadzulo kumanzere. Zimaoneka ngati zachibwana koma ambiri amasinthanitsa kummawa ndi kumadzulo mutu ukatentha.

2. Sankhani sikelo ndipo muilembe pa pepalapo. Apa sentimita imodzi iimire mamita 100. Chenjezo: sikelo imodzi pa ma vector onse, osati uyu sentimita ndi mamita 100, winayo sentimita ndi mamita 50 chifukwa pepala likuchepa.

3. Jambulani vector woyamba ngati muvi, masentimita 3 kulowera kumanja, ndipo muike nsonga yake. Mzere wopanda nsonga si vector.

4. Vector wachiwiri ayambire pa nsonga ya woyamba, masentimita 4 kukwera mmwamba. Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa kwambiri, amayambitsa mivi yonse pa kadontho kamodzi kenako nkulumikiza nsonga ziwirizo, chimene apeza pamenepo ndi kusiyana kwa ma vector awiriwo osati kuphatikiza. Ganizani za munthu woyenda uja, ulendo wachiwiri sangauyambire kunyumba, auyambira pomwe woyamba wathera.

5. Tsopano kokani mzere kuchokera pomwe munayambira penipeni kukafika pa nsonga yomaliza. Ameneyo ndiye resultant, vector wotuluka mukaphatikiza awiri aja. Yezani ndi rula, mupeza masentimita 5, kutanthauza mamita 500.

6. Ikani protractor pakadontho koyambira, mzere wake wa ziro ugone pa muvi woyamba uja, muwerenge ngodya. Mupeza madigiri pafupifupi 53. Protractor ili ndi mizere iwiri ya manambala, wina woyambira kumanja wina kumanzere, ndiye mukawerenga 127 dziwani kuti mwatenga mzere wolakwika, maso okha akuuzani kuti ngodyayo ndi yochepera 90.

Yankho lonse: mamita 500, madigiri 53 kuchoka kummawa kupendekera kumpoto. Akafuna bearing, imene imawerengedwa kuyambira kumpoto kuzungulira ngati mivi ya wotchi, ndi 90 − 53, mulembe 037°, manambala atatu.

Poti mivi iwiriyi yakumana pa ngodya ya madigiri 90, mutha kutsimikiza ndi Pythagoras: 300² + 400² = 90000 + 160000 = 250000, square root yake 500. Ngodya, tan θ = 400 ÷ 300, θ = 53.1°. Ma vector akakhala atatu kapena anayi njira ndi yomweyo, wina pa nsonga ya mnzake ngati mabogi a sitima, ndipo zilibe kanthu kuti mwayamba ndi uti, resultant atuluka yemweyo.

Ngodya ikakhala kuti si 90

Apa Pythagoras yekha sakuthandizani, ndipo musamukakamize. Nthawi ya mvula ku Machinjiri galimoto yatitimira m'matope, anyamata awiri amangirira zingwe ziwiri kutsogolo kwake. Wina akukoka molunjika kutsogolo ndi mphamvu ya 300 N (N ndi newton, muyezo wa force), mnzake wapatuka pang'ono kuthawa chithaphwi ndiye akukoka ndi 200 N pa ngodya ya madigiri 60 kuchoka pa chingwe cha mnzakeyo. Galimoto ikumva mphamvu yochuluka bwanji?

1. Jambulani. Kutsogolo kwa galimoto kukhale x, chammbali kukhale y.

2. Vector aliyense mumugawe pawiri, gawo lolowera ku x ndi gawo lolowera ku y. Gawo limene lagundana ndi ngodya limatenga cos, linalo sin. Musaloweze kuti x ndi cos nthawi zonse ayi, zimatengera kuti ngodyayo yayezedwa kuchokera mzere uti, akakupatsani ngodya yochokera ku y zinthu zimatembenuka.

3. Mnyamata woyamba: x = 300, y = 0. Wachiwiri: x = 200 cos 60 = 100, y = 200 sin 60 = 173.2.

4. Phatikizani ma x okhaokha, ma y okhaokha. Ma x: 300 + 100 = 400. Ma y: 0 + 173.2 = 173.2. Pakanakhala wina wokokera kumbuyo, gawo lake likanalowa ndi minus.

5. Tsopano mwatsala ndi mivi iwiri yokumana pa 90, Pythagoras wabwerera: 400² + 173.2² = 160000 + 30000 = 190000, square root yake ndi 436 N. Ngodya, tan θ = 173.2 ÷ 400, θ = 23.4° kuchoka kutsogolo kupendekera kwa mnyamata wachiwiri uja.

Taonani, 300 ndi 200 zapereka 436. Mphamvu ina yatayikira kukokera galimoto chammbali, nchifukwa chake adalaivala amakuwa kuti imani pamodzi inu, physics sanaiphunzire mwina koma akudziwa. Ndiye pali kanjira kodziyesera yankho: resultant wa ma vector awiri sangapose kuphatikiza kwawo, apa 500, ndipo sangachepere kusiyana kwawo, apa 100. Mukapeza 620 kapena 40 musapitirire, bwererani.

Velocity

1. Siyanitsani kaye mtunda umene mwayenda ndi displacement. Mtunda, distance ija, ndi msewu wonse umene mapazi aponda. Displacement ndi muvi wowongoka kuchokera poyambira kukafika pothera. Mukathamanga kuzungulira bwalo pa Kamuzu Stadium mpaka kubwerera pomwe munayambira, thukuta lili kamukamu koma displacement ndi ziro.

2. Speed ndi distance kugawa ndi nthawi. Velocity ndi displacement kugawa ndi nthawi, kuonjezerapo kolowera. Munthu wathu uja ngati anayenda mphindi 10, amenewo ndi masekondi 600, ndiye average speed yake ndi 700 ÷ 600 = 1.17 m/s, pomwe average velocity ndi 500 ÷ 600 = 0.83 m/s pa bearing ya 037°.

3. Sinthani mayuniti musanayambe kuwerengera. Kuchoka ku km/h kupita ku m/s gawani ndi 3.6, kubwerera chulukitsani ndi 3.6. Imachokera apa 3.6 imeneyi: kilomita ndi mamita 1000, ola ndi masekondi 3600. Ndiye 36 km/h ndi 10 m/s, 54 km/h ndi 15 m/s, 72 km/h ndi 20 m/s, zitatu zimenezi zisungeni m'mutu, zimabwera kawirikawiri m'mafunso.

4. Ma velocity awiri akamagwira chinthu chimodzi, aphatikizeni ngati ma vector ena onse. Funso limene limazunguza ana anga ndi la bwato, ndiye tikhalepo pang'ono.

Amene munatsikako ku Chikwawa mwaona anthu akuwoloka Shire pa bwato. Manambala awa ndi ongoyeserera: tinene kuti pamalopo mtsinje ndi wotambalala mamita 100, wopalasa akuyendetsa bwato 2 m/s atalozetsa mphuno yake kutsidya molunjika, madzi akutsika 1.5 m/s. Jambulani muvi wa 2 wopita kutsidya, pa nsonga yake muvi wa 1.5 wotsika ndi madzi. Resultant: 2² + 1.5² = 4 + 2.25 = 6.25, square root 2.5 m/s, ngodya tan θ = 1.5 ÷ 2, madigiri 36.9 kupendekera kumunsi kwa mtsinje.

Atenga nthawi yaitali bwanji kuti awoloke? Pafupifupi aliyense amalemba 100 ÷ 2.5 = masekondi 40, ndipo nzolakwika. Mamita 100 aja ndi opingasa mtsinje, ndiye agawidwe ndi velocity yopingasa mtsinje yokha, 100 ÷ 2 = masekondi 50. Madzi sakumuthandiza kuwoloka, sakumuchedwetsanso, iwo ntchito yawo ndi kumukokolola basi, ndipo m'masekondi 50 amenewo amutsitsa 1.5 × 50 = mamita 75 kumunsi kwa pomwe amafuna kukocheza. Ngati mukuifunabe 2.5 ija, igwiritseni ndi mtunda wopendekera umene bwato ladutsadi, mamita 125, ndipo 125 ÷ 2.5 ikupatsaninso 50 yomweyo.

Nanga akafuna kukocheza moyang'anizana ndi pomwe wanyamukira? Alozetse bwato chakumtunda, kuti gawo lina la kupalasa kwake lilimbane ndi madzi. Jambulaninso, ulendo uno 2 uja ndiye mzere wautali wa triangle, sin θ = 1.5 ÷ 2, θ = 48.6° chakumtunda. Yotsala yowolokera ndi square root ya 4 − 2.25, imene ndi 1.32 m/s, nthawi yakwera kufika masekondi pafupifupi 76. Opalasa bwato amachita zimenezi tsiku ndi tsiku opanda protractor.

Acceleration

Acceleration ndi mmene velocity ikusinthira pa sekondi iliyonse, a = (v − u) ÷ t, pomwe u ndi velocity yoyambira, v yomalizira, t ndi nthawi. Yuniti yake m/s².

1. Sankhani mbali imene ikhale plus ndipo mulembe kamuvi pa pepala. Mbali inayo ndi minus mpaka funso lithe, osasintha pakati.

2. Lembani mndandanda wa u, v, a, t, s (s akuimira displacement), mudzaze zimene funso lapereka, chofunsidwacho muike chizindikiro cha funso. Mawu ena amabisa manambala: akati yanyamuka itaima ndiye kuti u = 0, akati mpaka kuima ndiye kuti v = 0.

3. Sankhani fomula imene ili ndi zimene muli nazo. Zilipo zitatu zodalirika: v = u + at, s = ut + ½at², komanso v² = u² + 2as. Chenjezo, zimagwira pokhapokha acceleration ikakhala yosasintha.

Minibasi yanyamuka pa siteji ya Ginnery Corner kulowera ku Limbe mu Chipembere Highway, m'masekondi 10 yafika 54 km/h. Sinthani kaye, 15 m/s. Ndiye a = (15 − 0) ÷ 10 = 1.5 m/s², mtunda s = 0 + ½ × 1.5 × 10² = mamita 75. Kondakitala waona munthu akukweza dzanja, wamenya chitseko, dalaivala waponda buleki ndipo yaima m'masekondi 5: a = (0 − 15) ÷ 5 = −3 m/s². Minus ameneyu akungotanthauza kuti acceleration yaloza kumbuyo pomwe minibasi ikupita kutsogolo, ndi nthawi ija nonse mumagwera pa mpando wakutsogolo ndi majumbo anu. Mtunda woimira, 0 = 15² + 2 × (−3) × s, s = 225 ÷ 6 = mamita 37.5. Tayesani nokha ndi 30 m/s, mabuleki omwewo, mupeza mamita 150. Liwiro langowirikiza kawiri koma mtunda woimira wawirikiza kanayi, ine ndikakhala pa mpando wakutsogolo dalaivala akuthamangitsana ndi mnzake kulimbirana mapasenjala nambala imeneyi imandibwerera m'mutu.

4. Chinthu chikakhota, v − u muichite ngati ma vector. Wa kabaza akuyenda 8 m/s kulowera kummawa, wakhotera kumanzere, patatha masekondi 4 akuyenda 8 m/s yomweyo kulowera kumpoto. Mwana amalemba 8 − 8 = 0, acceleration palibe. Ayi ndithu. Kuchotsera vector ndi kumutembenuza kenako nkuphatikiza, ndiye jambulani v, muvi wa 8 wopita kumpoto, pa nsonga yake ikani u wotembenuzidwa, muvi wa 8 wopita kumadzulo. Resultant: 8² + 8² = 128, square root 11.3 m/s, kuloza pakati pa kumpoto ndi kumadzulo. Average acceleration ndi 11.3 ÷ 4 = 2.8 m/s² mbali yomweyo. Nchifukwa chake pa raundabauti ya Clock Tower mumagwira chitsulo cha njinga mwamphamvu ngakhale wa kabazayo sanaonjezere moto, velocity ikusintha chifukwa kolowera kukusintha.

5. Pa zinthu zoponyedwa mmwamba kapena zakugwa, acceleration ndi g, pafupifupi 9.8 m/s² kuloza pansi, mafunso ambiri a kusekondale amati mugwiritse 10, tsatirani zimene pepala lanena. Mwagenda mango, mwala wachoka m'dzanja molunjika mmwamba pa 10 m/s. Mmwamba ndi plus, ndiye u = +10, a = −10. Pamwamba penipeni v = 0, kotero 0 = 10 − 10t, t = sekondi imodzi, kutalika s = 10 × 1 − ½ × 10 × 1² = mamita 5 kuchoka pa dzanja. Pakatha masekondi 2 fomula ikupatsani v = −10 m/s ndi s = 0, kutanthauza kuti mwala wabwerera pomwe unachokera ndipo ukutsika, chotsanipo mutu.

Akakupatsani graph ya velocity ndi nthawi, kupendekera kwa mzere ndiye acceleration, kukula kwa malo a pansi pa mzere, area ija, ndiye displacement. Ya minibasi ija ponyamuka ndi triangle, ½ × 10 × 15 = 75, yofanana ndi ya fomula.

Zolakwika zimene ndimaziona pochonga

Calculator ya pa RAD ndiyambe nayo chifukwa inandipweteka mtima. Mtsikana wina wanzeru zake, njira yonse analemba bwinobwino pa mayeso oyeserera, koma calculator anabwereka kwa mchimwene wake wa ku koleji, cos 60 inamupatsa −0.952 mmalo mwa 0.5, iye osadabwa, nkupitiriza mpaka pansi. Akanayang'ana chojambula chake akanaona kuti muvi woloza kutsogolo sungakhale ndi gawo la minus.

Kusiya kolowera. Afunsa velocity kapena resultant inu nkulemba 2.5 m/s basi, theka la yankho mwalisiya panjira ndipo malikisi ake apita. Ngodyanso muzinena kuti mwaiyeza kuchokera kuti, madigiri 37 okha sakuuza munthu kanthu.

Kuphatikiza km/h ndi masekondi mu fomula imodzi. Minibasi ija mukaiika 54 ÷ 10 mupeza 5.4 m/s², minibasi yodzadza anthu ndi matumba a makala singanyamuke choncho.

Kuganiza kuti minus nthawi zonse ndi kuchepetsa liwiro. Mwala uja potsika acceleration yake ndi −10 koma ukuthamangirathamangira. Yang'anani zizindikiro ziwiri, velocity ndi acceleration zikafanana chizindikiro liwiro likukwera, zikasiyana likutsika.

Kunena kuti pamwamba penipeni acceleration ndi ziro poti mwala waima. Chaima ndi velocity, dziko silinasiye kukoka. Acceleration ikanakhala ziro pamenepo mwalawo ukanangokhala m'malere mpaka mawa.

Kuiwala square root pa Pythagoras, munthu nkulemba kuti woyenda uja watalikira mamita 250000, amenewo ndi makilomita 250, wadutsa Zomba kalekale pomwe wangoyenda mphindi 10.

Kudula manambala msanga. 173.2 mukaisandutsa 170 pakati pa njira, yankho lomaliza lisuntha, sungani manambala mu calculator mudule kumapeto.

China ndi kudina tan pomwe pakufunika tan⁻¹. Mukapeza kuti tan θ = 1.333, kuti mupeze ngodya dinani SHIFT kenako tan, ma calculator ena batani lake analemba 2ndF. Mukadina tan yokha ikupatsani 0.023, ndipo ndaonapo ana akulemba 0.023° ngati ngodya pomwe triangle imene ajambula okha ili pompo ikuonetsa ngodya yoposa theka la 90.